Utsi wa Mumzinda: Khonsolo Ingathe Chiyani?

Msika uli ndi mwini wake. M'mawa uliwonse wotolera msonkho amafika ndi kabuku ka matikiti, ndipo wogulitsa tomato amadziwa kuti pamene wayalapo si pamunda pa agogo ake. Msewu uli ndi mwini, manda ali ndi mwini, ngakhale ngalande ili ndi ofesi imene timailoza chala ikatsekeka. Mpweya wokha ndiwo wamasiye. Wa minibasi amatsanuliramo utsi wake, wa fakitale amatero, mayi wotentha zinyalala kuseri kwa nyumba amateronso, ndipo palibe amene amalandira bilu mwezi ukatha. Biluyo imadzera kwina: mwana wobanika pakati pa usiku, gogo wotsokomola osaleka, mzere wautali kuchipatala.

M'mizinda yambiri padziko lapansi, udindo wolera wamasiyeyu wagwera makhonsolo ndi mameya. Ena zinawayendera, ena anangotaya ndalama n'kudana ndi anthu awo.

Tiyambe tamudziwa mdaniyo. Utsi wakuda umene timauona ndi maso ndi woipa, koma choopsa kwambiri ndi tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5. Mutatindandalika 30, ndi pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mphuno imalephera kutisefa, choncho timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Kuchokera pamenepo ndiye mphumu, chibayo, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera kuti mpweya woipa, wa panja ndi wa m'nyumba, umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse. Mu 2021 bungweli linatsitsa mlingo umene limauona ngati wovomerezeka kufika pa ma microgram 5 mu cubic metre iliyonse ya mpweya, poyerekeza chaka chonse. Mizinda imene imakwanitsa mlingowu ndi yowerengeka. Palinso mpweya wina wotchedwa nitrogen dioxide, umene umachuluka m'misewu yodzaza ndi magalimoto a dizilo ndipo umapsereza njira za mpweya m'chifuwa.

Pafupifupi zonsezi zimachokera ku moto: malasha, dizilo, petulo, nkhuni, makala, zinyalala. N'chifukwa chake nkhani ya mpweya ndi nkhani yopulumutsa mphamvu zimayendera limodzi. Kumene magetsi amapangidwa ndi malasha, babu losadya magetsi ambiri limachepetsa malasha otenthedwa. Basi imodzi yonyamula anthu 100 imamwa mafuta ochepa kusiyana ndi magalimoto 50 onyamula awiriawiri.

Mzinda umene unaphunzira zimenezi ndi maliro ndi London. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, kunazizira kwambiri ndipo mphepo inangoti zii. Utsi wa malasha amene mabanja ankawotha, pamodzi ndi wa nyumba zopangira magetsi monga ya Battersea, unasakanikirana ndi nkhungu n'kukhazikika pamzindawo ngati chivundikiro pa mphika. Mabasi analeka kuyenda. Utsi unalowa mpaka m'nyumba za zisudzo, moti okhala kumbuyo sankaona ochita sewero. Boma linawerenga anthu pafupifupi 4,000 amene anafa m'masiku amenewo, ndipo ofufuza a pambuyo pake anati chiwerengero chonse chinafika cha m'ma 12,000.

Patapita zaka zinayi, nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la Clean Air Act la 1956. Pali zinthu ziwiri zokhudza lamuloli zimene anthu sazitchula kawirikawiri. Choyamba, makhonsolo ndiwo anatsogola: mzinda wa Coventry unali utakhazikitsa kale dera loletsedwa utsi mu 1951, boma lalikulu likadali m'tulo. Lamulo la 1956 linangopatsa makhonsolo onse mphamvu yochita zomwezo. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu kwa ine, lamuloli linabwera ndi chikwama m'manja. Banja likauzidwa kuti lisinthe malo owothera moto, gawo lalikulu la mtengo wake linkalipiridwa ndi khonsolo pamodzi ndi boma. Munthu sanangomulanda malasha n'kumusiya akunjenjemera. Nthawi nayo inathandiza, chifukwa m'zaka zotsatira gasi wa ku North Sea anafika m'makomo ambiri.

Utsi wa malasha utachoka, unalowa wa magalimoto, wosaoneka kwenikweni koma wakupha ndithu. Mu Febuluwale 2003 meya Ken Livingstone anayambitsa msonkho wa £5 patsiku kwa galimoto yolowa pakati pa mzinda. Cholinga chachikulu chinali kuchepetsa kuthinana, ndipo ndalama zake zinapita ku mabasi ndi zoyendera zina za anthu onse. Mu Epulo 2019 meya Sadiq Khan anawonjezera dongosolo lotchedwa ULEZ. Galimoto ya injini yakale, imene utsi wake sukwanira mlingo, imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda m'deralo. Kwa magalimoto ambiri izi zikutanthauza a petulo opangidwa isanafike 2006 ndi a dizilo opangidwa isanafike 2015. Makamera amawerenga nambala, ndipo wosalipira chindapusa chimamupeza kunyumba.

Pakati pa zonsezi pali dzina la mwana. Ella Adoo-Kissi-Debrah ankakhala pafupi ndi msewu wotanganidwa wa South Circular, ku Lewisham, ndipo anamwalira ndi mphumu mu Febuluwale 2013 ali ndi zaka 9. Mayi ake, a Rosamund, sanagone. Mu Disembala 2020 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unali chimodzi mwa zimene zinamupha, koyamba m'dziko la Britain kuti mawu otere alembedwe pa chikalata cha imfa. Chigamulochi chinavuta kuchitsutsa ndi manambala a bajeti.

Dera la ULEZ linakulitsidwa mu Okutobala 2021, kenako mu Ogasiti 2023 linakuta London yense. Apa ndiye panabuka mkangano. Anthu a m'mphepete mwa mzinda, kumene sitima ndi mabasi n'zapatalipatali, anati akulangidwa chifukwa cha umphawi. Dandaulo lawo silinali lopanda mutu. Amene amayendetsa dizilo yokalamba kawirikawiri ndi wokonza mapaipi, woperekera katundu, kapena wosamalira okalamba m'makomo, ntchito imene abale athu ena ochokera kuno akugwira ku Britain. Makamera ambiri anadulidwa ndi kupakidwa penti. Pa chisankho chapadera cha ku Uxbridge mu Julayi 2023, chipani cha meyayo cha Labour chinalephera ndi mavoti 495 okha, ndipo ambiri analoza ULEZ. Meya Khan anakakamizika kukulitsa thumba lolipira anthu otaya magalimoto akale, mpaka £2,000 pa galimoto yaing'ono, ndi kulitsegulira aliyense wokhala mumzindawo. Mu Meyi 2024 anasankhidwanso kachitatu. Lero magalimoto oposa 9 mwa 10 aliwonse oyenda mu London amakwanira mlingo, ndipo nitrogen dioxide watsika kwambiri pakati pa mzinda. Mmene ine ndikuonera, thumbalo likadatsogola, mkanganowo ukadachepa ndi theka.

Kuletsa kopanda chopatsa munthu m'malo mwake kuli ndi mbiri yake yomvetsa chisoni, mwina yoseketsa. Mu 1989 akuluakulu a Mexico City analamula kuti galimoto iliyonse izipuma tsiku limodzi pa sabata, potengera nambala yomaliza ya pa nambala puleti yake. Dongosololi amalitcha Hoy No Circula. Papepala zinkaoneka zanzeru: tsiku lililonse la ntchito, galimoto imodzi mwa zisanu izikhala pakhomo. Koma amene anali ndi kangachepe anagula galimoto yachiwiri ya nambala ina, yotchipa, yokalamba, yofuka kuposa yoyamba. Katswiri wa zachuma Lucas Davis atasanthula zimene makina oyezera mpweya analemba, sanapeze umboni woti mpweya unasintha chifukwa cha lamuloli. Munthu ukamutsekera khomo amatulukira pazenera.

Ku Beijing zinayenda mwanjira ina, chifukwa kumeneko boma likanena, lanena. Mu 2013 mlingo wa PM2.5 mumzindawo unali pafupifupi ma microgram 90. Akuluakulu anatseka nyumba zopangira magetsi ndi malasha, yaikulu yomaliza mu 2017, anasamutsa mafakitale ofuka, anachotsa pamsewu magalimoto akale, ndipo analetsa mabanja kuwotha malasha. Pofika 2021 mlingo unali pa 33. Kutsika kotere m'zaka zisanu ndi zitatu n'kosowa. Koma m'nyengo yozizira ya 2017, m'chigawo choyandikana cha Hebei, akuluakulu ofuna kukwanitsa zimene analamulidwa anachotsa mbaula za malasha mapaipi a gasi asanafike. Mabanja anagona m'chisanu choopsa, ana a sukulu ena ankaphunzirira panja kutsata dzuwa, mpaka boma linabweza mawu n'kulola malasha kumene gasi anali asanafike.

Stockholm, likulu la Sweden, inachita mwaulemu. Mu 2006 inayesa msonkho wolowera mumzinda kwa miyezi isanu ndi iwiri, itawonjezeratu mabasi. Magalimoto anachepa ndi pafupifupi 20 pa 100 aliwonse. Kenako inauchotsa msonkhowo, anthu anaona mizere ya magalimoto ikubwerera, ndipo pamene anafunsidwa pa voti, ambiri a mumzindawo anati ubwerere. Unakhazikika mu 2007. Anthu analawa kaye asanafunsidwe ngati ndiwo zakoma.

Kuno ku Africa, nkhondo yeniyeni ya pamsewu ili pa zoyendera za anthu wamba. Dar es Salaam inayambitsa mabasi aakulu oyenda m'kanjira kawokawo mu 2016, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni, ndipo eni ake amawatcha mwendokasi. Ulendo umene unkatha maola unafupika kwambiri. Patapita zaka, vuto linakhala kuchepa kwa mabasi ndi kuthithikana m'masiteshoni, chifukwa kugula basi n'kosavuta kusiyana ndi kuisamalira. Ku Johannesburg, mabasi a Rea Vaya anayamba mu 2009, kulumikiza Soweto ndi pakati pa mzinda. Eni matekisi anakwiya zedi, ndipo aliyense amene anakhalako ku Joni akudziwa kuti mkwiyo wa a matekisi si wamasewera. Khonsolo inapeza njira: eni matekisi a m'misewu imeneyo anapereka magalimoto awo n'kulandira masheya m'kampani yoyendetsa mabasiwo. Amene akadakhala adani anasanduka eni.

Nkhani ya magetsi ilibe phokoso lotere, koma ndi pamene khonsolo ili ndi dzanja lomasuka, popeza siyenera kupempha aliyense kuti isinthe katundu wake womwe. Mu 2009 mzinda wa Los Angeles unayamba kusintha magetsi a mumsewu pafupifupi 140,000 n'kuika a LED. Magetsi ogwiritsidwa ntchito pa nyalezo anatsika ndi oposa 60 pa 100 aliwonse, ndipo popeza mababuwa amakhalitsa, ndalama zokwezera anthu pamapolo kukasintha opsa nazo zinachepa. Ngongole ya ntchitoyi inabwezedwa ndi ndalama zopulumutsidwazo. Mapampu a madzi, maofesi a khonsolo, misika ndi sukulu zili m'gulu lomweli: palibe voti imene ingatayike chifukwa choti pampu yakale yasinthidwa.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha ku Kuyasa, ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town. Nyumba zoposa 2,000 za anthu osauka zinaikidwa siling'i, zotenthetsera madzi za mphamvu ya dzuwa, ndi mababu osadya magetsi. Siling'i ndi chinthu chonyozeka, koma nyumba ya malata yopanda siling'i imazizira ngati firiji mu Juni, ndipo banja limayatsa palafini kapena mbaula mkati, zitseko zili chitsekere. Ikaikidwa, mafuta amachepa, utsi wa m'nyumba umachepa, ndipo ana satsokomola monga kale. Ntchito imodzi inagwira mphamvu ndi mpweya pamodzi.

Ku South Africa komweko kuli msampha umene uyenera kutchulidwa. Makhonsolo ambiri amagula magetsi ku kampani ya Eskom n'kuwagulitsa kwa anthu, ndipo phindu lake ndilo limalipirira ntchito zina za mzinda. Ndiye khonsolo imene ikulalikira kuti anthu achepetse magetsi kapena aike sola padenga ikudzidula yokha m'thumba. Olemera akachoka n'kupita ku sola, otsala pa nthambo ndi osauka, ndipo mtolo umawalemera. Wolemba bajeti ndi woona zachilengedwe amakhala m'nyumba imodzi koma akukokera kosiyana.

Palinso malire amene meya aliyense amagundapo mutu: utsi sudziwa pothera mzinda. Delhi, ku India, inasintha mabasi ake kuchoka ku dizilo kupita ku gasi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, khoti lalikulu litalamula, ndipo mu 2016 inayesa kusinthanitsa masiku a magalimoto potengera nambala. Komabe Okutobala ndi Novembala akafika, alimi a ku Punjab ndi Haryana amatentha mapesi a mpunga kuti adzale tirigu msanga, ndipo utsi wawo umadzawonjezera pa wa mzindawo mpaka sukulu zimatsekedwa. Akuluakulu a Delhi alibe mphamvu pa munda wa ku Punjab. Apa pamafunika boma lalikulu, kapena mgwirizano wa maboma oyandikana.

Nanga kwathu kuno? Ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kulibe mafakitale a zitsulo ngati a ku China, ndipo magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire. Utsi wathu ndi wa pambaula, wa zinyalala, wa mauvuni a njerwa, wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan ndi kwina, wa njinga zamoto za kabaza, kuphatikizapo fumbi la misewu yopanda phula. Kuyambira Julayi mpaka mvula itagwa, moto wolusa wa osaka mbewa ndi otentha mapesi umawonjezera pamenepo, moti masiku ena phiri la Ndirande limaoneka ngati lili kuseri kwa chinsalu. Koma amene amapuma utsi wochuluka kuposa onse ndi mayi amene wawerama pamafuwa m'kakhitchini kopanda zenera, mwana ali kumbuyo.

Makala ndiwo malasha athu. Mabanja ambiri a m'tauni amaphikira makala, ngakhale amene ali ndi magetsi, chifukwa magetsiwo sadalirika ndipo gasi amafuna ndalama zambiri poyambira. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ngakhale okhala kumayadi anabwerera ku mbaula. Boma layesa ndodo: mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa. Matumba akulowabe m'tauni mbandakucha pa njinga. Kulanda thumba pa lodibuloko kumangokweza mtengo wa thumba lotsatira, chifukwa nsima iyenera kuphikidwa madzulo ano. Zimene zinachitika ku Hebei ndi zomwezi.

Makhonsolo athu ndi ofooka, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linawapatsa ntchito zambiri, koma ndalama zawo zimadalira misonkho ya malo, ya m'misika ndi ziphaso za malonda, zimene kutolera kwake n'kwa apo ndi apo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. Mtengo wa gasi ndi magetsi suli m'manja mwawo, msonkho wa magalimoto olowa m'dziko nawo ayi. Kuwauza kuti atengere ULEZ kungakhale kuseka munthu wovutika.

Komabe zina zili m'manja mwawo ndithu, ndipo choyamba ndi zinyalala. Munthu satentha mapulasitiki pakhomo chifukwa chokonda fungo lake. Amatentha chifukwa galimoto ya khonsolo siinafike m'dera lakelo, mwina chiyambire. Dzala lalikulu ngati la Mzedi ku Blantyre likagwira moto limafuka masiku ambiri. Zinyalala zathu zambiri ndi zowola, masamba, makoko ndi zotsala za mumsika, ndipo zimenezi zikapatulidwa zimasanduka manyowa m'dziko limene feteleza akuliza alimi. Lamulo loletsa kutentha zinyalala likatsogola galimoto yotola isanabwere, lidzangokhala chodyera cha olondera. Chachiwiri ndi njira za oyenda pansi ndi a njinga. Anthu ambiri a m'mizinda yathu amayenda kale wapansi, chinthu chimene mizinda ya ku Ulaya ikuwonongera ndalama zankhaninkhani kuti anthu ake abwerereko, koma misewu yathu yatsopano imamangidwa ngati aliyense ali ndi galimoto. Magetsi a sola a mumsewu, amene tayamba kuwaona m'misewu ina, ndi abwino, malinga bajeti ikumbukire kuti batire limafa ndipo akuba sagona. Ndipo khonsolo imene imapereka ziphaso kwa ophika m'misika ikhoza kuyambira pomwepo, powamangira malo ophikira otuluka utsi bwino ndi kuwathandiza kupeza mbaula zosadya nkhuni zambiri ngati chitetezo mbaula.

Chotsala ndi kuyeza. London inasuntha chifukwa inawerenga maliro, ndipo mlandu wa Ella unapambana chifukwa pafupi ndi kwawo panali makina amene ankalemba mlingo wa utsi, moti akatswiri anatha kuyerekeza masiku amene utsi unakwera ndi masiku amene mwanayo anathamangira naye kuchipatala. Kale makina otere anali odula moti mizinda yosauka sinkawalota. Lero kuli timakina totchipa, ndipo ku Kampala gulu la AirQo la pa yunivesite ya Makerere limapanga take, tina n'kutimangirira pa njinga zamoto za boda boda kuti tiziyeza mzinda wonse, mogwirizana ndi akuluakulu a mzindawo. Yunivesite zathu zili ndi ana odziwa kulumikiza mawaya ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kakhale kamodzi pa Wenela, kena pa depoti ya mabasi ku Lilongwe, kena pakati pa Ndirande cha m'ma 6 koloko madzulo pamene mbaula zonse zayaka, ndipo manambala ake aziwerengedwa pa wailesi pamodzi ndi zanyengo.